Cizimalupsya ndi Njala ya 1949

Dzina lakuti cizimalupsya licokera ku mau awiri: kuzima, ndi lupsya, ndilo thengo lopserera. Pa malimwe anthu a ku Chileka ndi Lirangwe amatentha thengo posaka mbewa. Mwezi wa Okotobala utsi uphimba phiri la Michiru, dzuwa lifiira, ndipo thukuta silileka ngakhale usiku. Pamenepo mitambo iunjikana, mabingu agunda, nigwa mvula yozima motowo. Makolo sanabzala nayo mvula imeneyi. Analinda mvula yeniyeni.

Koma nayonso mvula yobzalira imanyenga. Caka ca 1948 inagwa bwino, cimanga nicimera. Pakutha pa Disembala inaleka, ndipo mmera unauma ndi dzuwa. M'caka ca 1949 njala inakula m'dziko la Blantyre. Amuna anamka ku Neno, Mwanza ndi Ncheu kukasuma, ena osabweranso. Akazi anakumba mizu ya kuthengo kudyetsa ana ao, ndipo Boma linagawa cimanga.

Cifukwa cace, aphunzitsi, pomasulira dzinali uzani ana za cakaco, kuti adziwe cimene makolo anabzalira mapira ndi cinangwa pambali pa cimanga: pakuti mbeu izi zipirira cilala.