Mpingo umene unabadwa wansembe asanafike

Achinyamata anzanga, pa ubatizo wansembe amadzoza mwana pamutu ndi mafuta a krisma, mafuta omwewo amene Ambuye Episkopi amadzoza nawo manja a wansembe watsopano. Mafuta ndi amodzi, koma ntchito zake ndi ziwiri. Mbiri ya Mpingo wa ku Korea imasonyeza bwino kusiyana kwake.

Chakumapeto kwa chaka cha 1783, wophunzira wina wachinyamata, Yi Seung-hun, anatsagana ndi bambo ake pa ulendo wa akazembe wopita ku Beijing. Kumeneko anakumana ndi ansembe, ndipo mu 1784 Bambo Jean-Joseph de Grammont anamubatiza, nampatsa dzina la Petro. Anabwerera kwawo ndi mabuku, mitanda ndi makorona, nayamba kubatiza anzake. Mpingo unaphuka chotero m'dziko limene munalibe wansembe ndi mmodzi yemwe.

Akhristu atsopanowa anawerenga m'mabuku za Misa ndi za kulapa, ndipo mtima unawawawa kuti zimenezi zikuwadutsa. Choncho anasankhana okhaokha ena oti akhale ansembe, nayamba kuchita Misa ndi kumva machimo a anzawo. Pasapezeke wowaseka, pakuti njala ndiyo inawachititsa. Koma powerengabe mabuku aja anayamba kukayika, ndipo anatuma Paulo Yun Yu-il ndi kalata kwa Episkopi wa ku Beijing, Alexandre de Gouvea. Yankho linafika mu 1790: apitirize kuphunzitsa ndi kubatiza, koma Misa ndi kukhululukira machimo azisiye, chifukwa mphamvu imeneyo munthu sadzipatsa yekha, ngakhalenso mpingo wa pamalo sungampatse popanda kusanjikidwa manja ndi episkopi. Iwo anamvera, ndipo anayamba kupempha kuti awatumizire wansembe.

Bambo James Zhou Wenmo a ku China analowa m'dzikomo mobisa kumapeto kwa 1794, napeza akhristu pafupifupi 4,000 amene anali asanaonepo wansembe. Mayi Columba Kang Wan-suk ndiwo anawabisa m'nyumba mwawo. Onse awiri anaphedwa mu 1801, ndipo kwa zaka zoposa 30 akhristu eni ake anasunga chikhulupiriro okha. Mkorea woyamba kulandira unsembe, Andrea Kim Taegon, anadzozedwa mu 1845, naphedwa chaka chotsatira.

Funso limene linawasautsa anthu amenewa ndi lakale. Kalata ya kwa Ahebri imatcha Khristu yekha Mkulu wa Ansembe, pamene kalata yoyamba ya Petro imatcha obatizidwa onse fuko la ansembe achifumu. Atsogoleri a mipingo yoyamba ankatchedwa akulu ndi oyang'anira, koma pofika nthawi ya Cyprian wa ku Carthage, amene anaphedwa mu 258, episkopi ankatchedwa wansembe chifukwa chotsogolera nsembe ya Ukaristia. M'kupita kwa zaka, unsembe wa obatizidwa unayamba kutchulidwa mwa apo ndi apo. Martin Luther anaudzutsa mu 1520, koma anapitirira malire pokana kuti kudzozedwa ndi sakramenti. Msonkhano wa ku Trent unamuyankha mu 1563, nulamulanso kuti kumangidwe maseminale. Kwa zaka pafupifupi 400 zotsatira, akatolika ambiri ankaopa kulankhula za unsembe wa akhristu onse, poganiza kuti ndi mawu a mipingo ina. Kunena zoona, mantha amenewo anatisaukitsa.

Pa 21 Novembala 1964, Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata cha Lumen Gentium. Aepiskopi anaika mutu wonena za Anthu a Mulungu patsogolo pa mutu wonena za atsogoleri a Mpingo, ndipo sanachite zimenezi mwangozi. Ndime 10 imaphunzitsa kuti maunsembe awiriwa amachokera mu unsembe umodzi wa Khristu ndipo amadalirana, koma amasiyana m'chikhalidwe chake chenicheni, osati pa msinkhu wokha. Wansembe sali mkhristu woposa anzake. Iye amaima m'malo mwa Khristu Mutu kuti apereke Ukaristia ndi kukhululukira machimo. Wobatizidwa amapereka moyo wake, ntchito za manja ake ndi masautso ake pamodzi ndi nsembe ya pa guwa, amaphunzitsa, ndipo imfa ikayandikira wansembe palibe, angathe kubatiza.

Kuno kwathu nkhaniyi si yachilendo. Ansembe a chipani cha Montfort anafika ku Nzama mu 1901, a White Fathers ku Mua mu 1902, koma Mmalawi woyamba kudzozedwa, Cornelio Chitsulo, anaulandira unsembe mu 1937. Zaka zonsezo akatekisi ndiwo ankayenda m'midzi, kutsogolera mapemphero ndi kukonzekeretsa ofuna ubatizo. Mpaka lero, m'matchalitchi ambiri a kumudzi, Lamulungu limapita ndi mapemphero a Mawu okha, tabernakulo ili yopanda kanthu, anthu akuwerenga masabata otsala kuti Bambo Mfumu adzafike.