Mmene ana a kuno anaphunzirira kulemba

Kulemba kumayambira m'dzanja. Mwana asanalembe kalata, ayenera kuzolowera kujambula mzere woongoka ndi mzere wozungulira. Kenaka amalemba cilembo, ndiye liwu, ndiye mau ocepa omveka bwino. Kuno ku Massangulo nchito imeneyi ili ndi mbiri yace.

Ana ambiri a Ciyao anayamba kulemba m'madarasa a Cisilamu. Mwana ankalemba zilembo za Ciarabu pa thabwa losalala, kucokera kumanja kunka kumanzere. Akaloweza phunziro, ankatsuka thabwalo ndi madzi n'kuyamba lina.

M'caka ca 1928 ansembe a Consolata, motsogozedwa ndi Bambo Pietro Calandri, anatsegula mishoni ya Massangulo. M'sukulu za mishoni za nthawi imeneyo ana ankalemba pa sileti. Mwana akalakwa ankafufuta n'kuyesanso, cifukwa pepala linali lodula.

M'caka ca 1940 boma la Portugal linapangana ndi Mpingo wa Katolika, ndipo maphunziro a ana a anthu akuda anaikidwa m'manja mwa mishoni. Lamulo linali lakuti ana aphunzire m'Cipwitikizi. Mwana ankakopera mau mwaluso, koma nthawi zambiri osadziwa tanthauzo lace. Sukulu zinalinso zocepa. Pamene dziko lathu linalandira ufulu pa 25 Juni 1975, anthu oposa 90 mwa anthu 100 alionse sankadziwa kuwerenga ndi kulemba.

Nkhondo yomenyera ufulu inayamba mu 1964. M'madera omasulidwa a Niassa, FRELIMO inatsegula sukulu m'nkhalango. Kunalibe makope okwanira, kunalibe coko. Aphunzitsi ankadetsa thabwa ndi makala, nalembapo ndi cinangwa couma. Ana ankalemba pansi ndi cala kapena ndi kamtengo. Anaphunzira ndithu.

Mu 1978 boma linayambitsa nchito yaikuru yophunzitsa akuluakulu m'dziko lonse, koma m'Cipwitikizi. Pambuyo pace, kuyambira 1993 mpaka 1997, sukulu zina za ku Tete zinayesa kuyambitsa ana kulemba m'Cinyanja, cinenero ca kwao, asanalowe m'Cipwitikizi.

Mbiri iyi ikutiphunzitsa ciani? Thabwa, sileti, cinangwa ndi mcenga zonse zinaphunzitsa ana. Cofunika ndi kubwereza tsiku ndi tsiku, ndiponso kuti mwana amve cimene akulemba.

Ife amene tikuphunzira tili akuluakulu tingathandize ana athu. Madzulo tisese pabwalo, tisalaze mcenga. Tiyambe ndi a, e, i, o, u. Tigwire dzanja la mwana pang'onopang'ono, tisamkalipire. Akazolowera, alembe dzina lace. Kenaka alembe zimene amaziona: “Mvula yagwa.” “Amai apita kumunda.” “Mbuzi yadya cimanga.” Awerenge mokweza, afufute, alembenso.

Tisadikire kope ndi pensulo. Mcenga tili nao pakhomo.