Mwana akalumidwa ndi tizilombo muli kutali ndi kwanu

Furancungo ndi likulu la boma la Macanga, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Kuno ndi ku Tsangano kuli mabanja ambiri ochokera ku Malawi. Ena anadzalima fodya, ena anadzachita malonda, ena anapeza banja konkuno. Mwina inunso ndinu mmodzi wa iwo.

Kwanu, mwana akatupa, agogo ake ali pafupi ndipo njira ya kuchipatala mukuidziwa. Kuno mukhoza kukhala nokha pamsasa wa kumunda, dzuwa litalowa, mwana akulira. Mutani? Choyamba dziwani kuti kutupa kuli pawiri. Kwina mungakusamale pakhomo. Kwina n'kothamanga nako kuchipatala nthawi yomweyo.

Kutupa kosaopsa

Udzudzu, utitiri, nsikidzi, linthumbu, njuchi ndi mavu zonse zimaluma ana. Nthawi zambiri pamalopo pamatupa pang'ono, pamatentha, pamayabwa. Mwana amalira, koma akupuma bwino ndipo pakapita nthawi amayambanso kusewera.

Ana ena amatupa kwambiri. Njuchi ikaluma chala, dzanja lonse limafufuma. Kutupaku kumakula kwa tsiku limodzi kapena awiri, kenako kumaphwa pang'onopang'ono, mwina mpaka sabata. N'koopsa pokuona, koma ngati kuli mbali yolumidwayo yokha ndipo mwana akupuma bwino, mtima ukhale m'malo.

Zochita pakhomo

1. Chotsani mwana pamalopo. Njuchi ndi mavu zimabwera zambiri.
2. Njuchi imasiya mbola pakhungu. Ipaleni msanga ndi chikhadabo. Mavu sasiya mbola.
3. Tsukani ndi sopo ndi madzi oyera.
4. Ikanipo kansalu konyowa ndi madzi ozizira kwa mphindi 10. Mukhoza kubwereza.
5. Ngati ndi dzanja kapena mwendo, vulani makoza, mikanda ndi zingwe chisanatupe, ndipo chiwalocho chikhale m'mwamba.
6. Wengani zikhadabo za mwana kuti asadzikande mpaka chilonda.
7. Khalani naye pafupi maola awiri oyamba, mukumuyang'ana.

Akamva ululu, mupatseni paracetamol pa mlingo umene a zaumoyo anakuuzani. Asipirini ayi, si wa ana. Mankhwala a kuyabwa amene ku Malawi mumati Piriton, kuno amati clorfeniramina. Musamwetse mwana wamng'ono musanafunse anamwino.

Musateme mphini pamalo otupa. Musapake phulusa, palafini, petulo kapena mankhwala otsukira mano. Zimenezi zimawotcha khungu ndi kulowetsa dothi.

Kutupa koopsa: nyamukani pompo

Thupi la ana ena limadana kwambiri ndi ululu wa njuchi kapena mavu. Ngakhale njuchi imodzi yokha ikhoza kupha mwana wotere. Zizindikiro zimabwera msanga, pakangopita mphindi zochepa, nthawi zina ola limodzi kapena awiri. Ndi izi:

- milomo, lilime kapena nkhope zatupa, chonsecho walumidwa pena;
- akubanika, kapena m'chifuwa mukulira ngati mluzu;
- mawu asasa, akulephera kumeza malovu;
- ziwengo zatuluka thupi lonse;
- akusanza mobwerezabwereza, m'mimba mukupotokola;
- wafooka, wazizira, akuchita chizungulire kapena wakomoka.

Mukaona chimodzi chokha mwa izi, musadikire kuti kuche. Musadikire abambo ake kapena bwana wa munda. Pitaninso msanga ngati walumidwa m'kamwa kapena pakhosi, kapena njuchi zamuluma zambiri.

Mankhwala opulumutsa moyo pa vutoli ndi jakisoni wa adrenalina, wobaya pantchafu. Sapezeka pamsika. Mapilitsi a kuyabwa sangalowe m'malo mwake.

Pano mverani bwino, abale. Musaganize zowoloka malire kuti mukapite kuchipatala cha kwanu chimene munazolowera. Mwana wobanika alibe nthawi imeneyo. Chipatala chabwino ndi chimene chili pafupi. Ngati akufunika chithandizo chachikulu, a pompo ndi amene angamutumize kwina.

Poyembekezera njinga yamoto kapena galimoto, mugonekeni chagada, miyendo m'mwamba. Ngati akubanika, akhale tsonga mutamugwira. Akakomoka, mugonekeni chammbali. Asayende yekha, munyamuleni. Musamumwetse kanthu.

Mukafika kuchipatala

Chipatala chaching'ono kuno chimalembedwa kuti Centro de Saúde. Zolemba zake ndi za Chipwitikizi, koma musachite mantha. Anthu ambiri ku Macanga ndi ku Tsangano amalankhula Chinyanja ngati inu, ndipo womasulira sangasowe. Musakhale chete kumapeto kwa mzere chifukwa ndinu mlendo. Pitani kutsogolo, aonetseni mwanayo. Mawu awa angakuthandizeni:

- Urgente: n'zachangu.
- Abelha: njuchi.
- Vespa: mavu.
- Alergia: thupi kudana ndi chinthu.
- Não respira bem: sakupuma bwino.

Auzeni chimene chamuluma, nthawi yake, ndi mankhwala amene mwamupatsa kale. Akakuuzani kuti mukhale kaye mwana atapeza bwino, khalani ndithu, chifukwa vutoli nthawi zina limabwereranso pakapita maola. Pempheni kuti alembe m'buku la mwana. Mwana amene zamuchitikira kamodzi zikhoza kumuchitikiranso, choncho aphunzitsi ake ndi anzanu apafupi adziwe.

Zimene zimabwera pambuyo

Chilonda. Pakapita masiku awiri kapena atatu, pamalopo pakayamba mafinya, kutentha ndi kupweteka kwambiri, ndiye kuti palowa matenda. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Malungo. Udzudzu ukaluma lero, malungo saoneka lero. Amayamba pakapita masiku 7 kapena kuposerapo, chotupa chija chitaiwalika kale. Mwana akatentha thupi, akayezedwe magazi tsiku lomwelo. M'midzi yambiri ya kuno muli a APE, anthu a m'mudzi momwemo amene anaphunzitsidwa za umoyo. Ali ngati alangizi a zaumoyo a ku Malawi. Amayeza malungo ndi kupereka mankhwala. Mankhwala amene kwanu mumati LA, kuno amati Coartem. Ndi amodzimodzi. Koma mwana akamakomoka, akamakana kuyamwa kapena kusanza chilichonse, pitani naye kuchipatala msanga.

Mphutsi. Pali ntchentche ina imene imaikira mazira pa zovala ndi matewera oyanikidwa pansi. Kamphutsi kamalowa m'khungu n'kupanga chotupa chonga chithupsa, chokhala ndi kabowo pakati. Musaboole ndi minga kapena singano. Aonetseni a zaumoyo. Yanikani zovala pachingwe, padzuwa, ndipo muzisite ndi simbi yotentha.

Konzekani lero, mwana ali bwino

Funsani chipatala chimene chili pafupi ndi pamene mukukhala, ndipo mudziwe njira yake. Dziwani nyumba ya a APE. Lembani nambala ya munthu wa njinga yamoto amene angabwere usiku, muimate pakhoma. Foni ikhale ndi layini ya kuno. Sungani padera mametikali a ulendo, osawakhudza. Buku la sikelo la mwana, kaya la ku Malawi kaya la kuno, likhale m'pepala lapulasitiki pamalo amodzi.

Mwana azigona m'neti usiku uliwonse, ngakhale pamsasa. Yang'anani zisa za mavu kudenga ndi m'zigafa za fodya. Ana asasewere pafupi ndi ming'oma ya njuchi.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Tchulani zizindikiro zitatu zothamanga nazo kuchipatala.
2. Chipatala chapafupi ndi inu ndi chiti? Mungafikeko bwanji usiku?
3. Lembani m'kope mwanu dzina ndi nambala ya munthu amene angakunyamuleni.