Magule a bale m'zisudzo za opera

Opera ndi sewero lomwe nkhani yake yonse imafotokozedwa mwa nyimbo, pomwe bale ndi gule wa ku Ulaya wofotokoza nkhani ndi thupi lokha. Munthu wozolowera chimtali kapena kwaya za ku Mchesi, Kawale ndi Biwi, kumene woyimba amavinanso yekha, angadabwe kumva kuti mu opera ntchito ziwirizi zimagawidwa: ena amayimba, ena amavina.

Kuyambira kale, nyumba ya zisudzo ya Paris Opera inkafuna kuti opera iliyonse yaikulu ikhale ndi gule. Richard Wagner atapita kumeneko ndi Tannhäuser mu 1861, anaika gule koyambirira kwa sewero m'malo mwa gawo lachiwiri. Olemera omwe ankafika mochedwa kudzaonerera ovina anasokosera kwambiri, ndipo sewerolo linachotsedwa litangoonetsedwa katatu. Nthawi imeneyo gule ankatengedwa ngati chokometsera chabe.

Zinthu zinasintha m'zaka zoyambirira za m'ma 1900 chifukwa cha katswiri wa ku Russia wokonza magule, Michel Fokine. Mu Meyi 1909, gulu la Sergei Diaghilev linaonetsa ku Théâtre du Châtelet, mumzinda wa Paris, magule otchedwa Polovtsian Dances, ochokera mu opera ya Alexander Borodin ya Prince Igor. Borodin anamwalira mu 1887 asanaimalize, ndipo anzake Nikolai Rimsky-Korsakov ndi Alexander Glazunov ndiwo anaimalizitsa, n'kuonetsedwa koyamba ku St Petersburg mu 1890. Fokine anasiya kavinidwe kodekha koimirira pa nsonga za zala, n'kudzaza bwalo ndi ankhondo odumpha atanyamula mauta, motsogozedwa ndi Adolph Bolm. Zithunzi za pabwalo anajambula ndi Nicholas Roerich. Magulewo anatchuka kwambiri moti mpaka lero amavinidwa paokha.

Mu 1914, Fokine anapitirira pamenepo ndi Le Coq d'Or, opera ya Rimsky-Korsakov. Oyimba anawakhazika m'mbali mwa bwalo, ndipo nkhani yonse anaisewera ndi ovina, pakati pa mitundu yowala ya Natalia Goncharova. Banja la mwini nyimbo, yemwe anamwalira mu 1908, silinakondwe nazo. Chaka chomwecho Fokine analembera nyuzipepala ya The Times ya ku London mfundo zisanu, kuphatikizapo yakuti gule aliyense azikhala ndi kavinidwe kogwirizana ndi nkhani yake, nthawi yake komanso anthu ake.

Vuto lina linali la woyimba amene akuyenera kuvina. Pamene Salome ya Richard Strauss inkaonetsedwa koyamba ku Dresden mu 1905, woyimba wamkulu Marie Wittich anakana kuvina gule wovula nsalu zisanu ndi ziwiri, ndipo analowa m'malo mwake ndi wovina wina.

Funso lomwe akatswiriwa analimbana nalo likadalipo kwa magulu a achinyamata okonza masewero m'masukulu ndi m'matchalitchi a mumzinda wa Lilongwe: kodi gule akupititsa nkhani patsogolo, kapena wangoikidwapo kuti anthu aombe m'manja? Yankho la Fokine linali lakuti gule wa m'sewero ayenera kunyamula nkhani mofanana ndi mawu a woyimba.