Sukulu ya Aligarh ndi Asilamu a ku India

Mu 1837 atsamunda Achingerezi anachotsa Chiperisiya m'makhoti a ku India, chilankhulo chomwe Asilamu ophunzira ankadyera. Ntchito zinayamba kuwasowa. Kuwukira kwa 1857 kutalephereka, zinthu zinafika poipa: Angerezi ankaloza chala Asilamu, ndipo mfumu Bahadur Shah Zafar anakaitaya ku Rangoon.

Nanga ana aphunzire chiyani? Mashehe ena anatsegula madrasa ku Deoband mu 1866, osafuna ngakhale khobidi la boma. A Sayyid Ahmad Khan anaona mwina. Mu 1875 anayambitsa sukulu ku Aligarh yophunzitsa Chingerezi ndi sayansi pamodzi ndi Chisilamu. Ena anawanyoza mpaka kuwatcha kafiri; ifetu tikuti anawalakwira bambowa. Anamwalira mu 1898, sukuluyo n'kudzasanduka yunivesite mu 1920.