Kupeta mitanda: wamanja ndi wamanzere ayambire mbali iti?

Mwa mitundu yonse ya luso lopeta nsalu, mtundu umene pa Chingerezi amati cross stitch ndiwo umaoneka wosavuta kuphunzira. Wopeta amangodutsitsa ulusi kawiri pa kabokosi kamodzi ka nsalu, kamzere kena pansi kena pamwamba, n'kupanga kamtanda kooneka ngati chilembo cha X. Timitanda totere tikachuluka timatulutsa duwa, mbalame, dzina la mwana kapena vesi lopachika pakhoma. Lusoli n'lakale: ku nyumba yosungirako zinthu zakale ya Victoria and Albert ku London kuli nsalu imene Jane Bostocke adapeta mu 1598, ndipo mu 2021 bungwe la UNESCO lidaika kapetedwe ka amayi a ku Palestine, kotchedwa tatreez, pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu.

Komano kuphweka kwakeko kumabisa funso limene limasokoneza ongoyamba kumene, makamaka amanzere: kamzere koyamba kapendekere kuti, ndipo mzere uyambire kumanja kapena kumanzere?

Lamulo lenileni ndi limodzi lokha. Timizere tonse tapamwamba tipendekere mbali imodzi, kuchokera pa kamtanda koyamba kufikira kotsiriza. Chifukwa chake n'kuwala. Ulusi wathonje wopetera umanyezimira pang'ono, ndipo kuwala kumaugwera molingana ndi mmene wagonera. Timitanda tina tikatembenuka, malowo amaoneka ngati chigamba cha mtundu wina ngakhale ulusi uli womwewo. Pamanja cholakwacho sichioneka msanga. Chimadzaonekera nsaluyo itachapidwa, kusitidwa ndi kupachikidwa. Pa nsalu ya Aida ya nambala 14, imene imakhala ndi timabokosi 14 pa inchi iliyonse, chithunzi cha timabokosi 140 m'litali ndi 140 m'lifupi chimangokwana masentimita 25 mbali zonse, koma chikadzazidwa chonse chimadya timitanda 19,600. Kumasula gawo la ntchito yotere n'kutaya masabata, ndipo ulusi womasulidwa subwereranso mwakale.

Mabuku ambiri ophunzitsa lusoli amaonetsa njira yoyenera dzanja lamanja. Singano imatulukira pa bowo lam'munsi chakumanzere kwa kabokosi, n'kulowa pa bowo lam'mwamba chakumanja. Kenako imatulukiranso pa bowo limene lili pansi penipeni pa pomwe yalowa, ndipo wopeta amapitiriza motero kulowera kumanja mpaka mzere utatha. Pobwerera, singano imatulukira m'munsi chakumanja n'kulowa m'mwamba chakumanzere, kutseka timitanda tonse. Njira yopita n'kubwererayi imadziwika ndi dzina la dziko la Denmark, pamene yomaliza kamtanda kamodzikamodzi imatchedwa ya Chingerezi. Yoyambayo imafulumira pa mizere italiitali ya mtundu umodzi ndipo kuseri kwa nsalu imasiya timizere toongoka, taudongo. Yachiwiriyo imathandiza pamene timitanda tamwazikana kapena ulusi uli wosinthasintha mtundu.

Wamanzere akatsatira bukulo ndendende amatha kupeta ndithu, koma dzanja lake limakhala likuphimba timizere tomwe wangomaliza kumene, ndiye kuwerenga kumavuta. Ali ndi njira ziwiri zothawira vutoli, ndipo kusiyana kwake n'kofunika kukumvetsa asanalowetse ulusi pa singano.

Yoyamba ndiyo kutembenuza zonse monga mmene galasi limachitira. Amayambira kumanja kwa mzere, singano n'kutulukira m'munsi chakumanja, kulowa m'mwamba chakumanzere, n'kumapita kumanzere. Pobwerera amatseka timitandato. Zotsatira zake, kamzere kapamwamba kamapendekera mbali yosiyana ndi ya m'buku. Palibe cholakwa pamenepo. Nsalu yonse ikapetedwa motero imakongola chimodzimodzi, ndipo amene angazindikire ndi mnzake wa luso lomwelo yekha, atayang'anitsitsa. Iyi ndiyo njira imene mwana wamanzere amatola yekha akakhala moyang'anizana ndi mphunzitsi wamanja n'kumatsanzira manja ake.

Yachiwiri imasunga kapendekedwe ka m'buku koma kusintha poyambira. Wopeta amayambirabe kumanja kwa mzere, koma singano imatulukira m'mwamba chakumanja n'kulowa m'munsi chakumanzere, kenako n'kutulukira pa bowo la pamwamba pake. Kamzere kotuluka n'kofanana ndi ka wamanja. Changosintha ndi ulendo wa singano. Pali kanthu kamodzi koyenera kusamala. Opeta odziwa amakonda kutulutsa singano pa bowo lopanda ulusi ndi kuilowetsa pa bowo lokhala kale ndi ulusi, chifukwa singano yochokera kuseri imatha kung'amba kapena kutukula ulusi womwe yaupeza. Choncho amene singano yake imatulukira m'munsi amapeza bwino akamatsika ndi mizere kuchokera pamwamba, pamene wotsatira njira yachiwiriyi zimamuyendera akamakwera kuchokera pansi.

Mwa ziwirizi, yoyamba ndiyo yopepuka kwa munthu wopeta yekha. Yachiwiri imafunika pamene nsalu imodzi ikudutsa m'manja ambiri, monga m'magulu a amayi opeta nsalu za patebulo zogulitsa, kapena pamene mwana akumaliza ntchito imene mayi ake adaisiya pakati. Pamenepo woyamba ndiye waika lamulo, ndipo wobwera pambuyo ayang'ane kaye kamzere kapamwamba asanapete kalikonse. Zithunzi zina zimakhalanso ndi timizere ta theka, tosatsekedwa, topangira mthunzi kapena thambo. Mlengi wa chithunzicho akanena mbali yoti tipendekere, mawu akewo atsatidwe posayang'ana dzanja.

Msampha umene umakola amanja ndi amanzere omwe ndi wotembenuza nsalu. Nsalu ikazunguliridwa mutu pansi, kapendekedwe ka timizere sikasintha, ndipo ena amagwiritsa ntchito nzeru imeneyi kuti nthawi zonse azipeta molowera mbali imene dzanja lawo limakonda. Koma ikangotembenuzidwa cham'mbali, kuti m'mwamba mukhale kumanja, kamzere kamene kamapendekera kumanja kamaoneka kopendekera kumanzere. Wopeta akapitiriza mwachizolowezi osazindikira, chigamba chija chabadwa. N'chifukwa chake ambiri amasoka kaulusi ka mtundu wowala kumtunda kwa nsalu, kapena kupeta kamtanda kamodzi kachitsanzo pakona, kuti akaitenganso patapita masiku adziwe kumutu.

Za poyambira chithunzi chonse n'zosavuta. Ambiri amapinda nsalu kawiri kuti apeze pakati n'kuyambira pamenepo, kuopa kuti chithunzi chingathere m'mphepete. Oyambira pakona amasankha yomwe dzanja silidzakhuza zomalizidwa: wamanja kumtunda chakumanzere, wamanzere kumtunda chakumanja. Thukuta la m'manja limadetsa ulusi woyera msanga.

Pafupifupi munthu mmodzi mwa khumi aliyense ndi wamanzere, ndipo kuno kwathu ambiri a iwo adakula akuuzidwa kuti dzanja lodyera, lolandirira ndi lopatsira moni ndi lamanja. Ena adafika pozolowera kulemba ndi lamanja koma singano n'kumaigwirabe ndi lamanzere. Pa luso ili palibe chowakakamiza kusintha. Singano yake ndi yobuntha kunsonga, imangodutsa m'mabowo omwe alipo kale, ndipo ilibe mbali. Ulusi wa kampani ya DMC ya ku Mulhouse m'dziko la France, womwe manambala a mitundu yake amalembedwa pa zithunzi zambiri, umabwera ndi tizingwe 6, ndipo pa nsalu ya nambala 14 amapatulapo tiwiri, kaya wopetayo ndi wa dzanja liti. Ulusiwo ukayamba kupotana, chimene chimachitikira onse, mankhwala ake n'kuisiya singano ilendewere kuti uzimasula wokha. Chida chokha chimene wamanzere angafune chakechake ndi sizasi, pakuti masamba a sizasi wamba adasanjidwira dzanja lamanja ndipo m'dzanja lamanzere amakonda kutafuna ulusi m'malo moudula.