Ng'anjo ya ku Kafue ndi Moto Wosaoneka

Makolo athu Amaravi, amene makasu awo ankafika mpaka kumisika ya ku Tete, sankayandikira ng'anjo mwachisawawa. Pakuti woyenga chitsulo ankapita yekha kukakumba nthale pamalo amene atate ake anamuonetsa, naiyesa m'dzanja, nadziwa mwala uliwonse asanauponye pamoto, ndipo masiku onse a ntchitoyo ankagona kutchire, osalowa m'nyumba ya mkazi wake, kuopa kuti ng'anjo ingakane kubala. Ena mwa ife timaiona miyambo imeneyo ngati zachikale, koma munali nzeru m'menemo imene sinakalambe, yakuti munthu asalowetse m'ng'anjo chinthu chimene sadziwa kumene chachokera. Nzeru imeneyi imandibwerera nthawi zonse ndikaona malole odzaza zitsulo zakutha akutsika msewu wochoka ku Lusaka kulinga ku Kafue.

Tauni ya Kafue inabadwa ndi njanji. M'chaka cha 1906 mlatho wa sitima, wotalika mamita 427, unaoloka mtsinje wa Kafue, ndipo kwa zaka zambiri malowo anali kasiteshoni chabe pakati pa minda ya azungu ndi madooko a asodzi. Koma Zambia italandira ufulu mu 1964, boma la Kenneth Kaunda, poona kuti dziko silingadalire katundu wodzera ku Rhodesia, linasankha chigwa chimenechi, chokhala ndi madzi, njanji ndi msewu, pamtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka, kuti chikhale mudzi wa mafakitale pansi pa bungwe la INDECO. Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kutulutsa feteleza ndi mankhwala ophulitsira miyala m'migodi mu 1970. Kafue Textiles inkaomba nsalu za thonje la m'dziko momwemo. Bata inkafufuta zikopa. Ndipo anthu anakhamukira kumeneko kuchokera ku Chipata, ku Katete, ku Petauke ndi ku Malawi komwe, mpaka Chinyanja chinamveka m'makwalala onse a Kafue Estates. Kenaka zinafika zaka zowawa za m'ma 1990, pamene makampani a boma anafooka, salaula inadzaza misika, makina oombera nsalu anayamba kutonthola, ndipo amuna amene kale ankadzuka ndi kulira kwa mbetete ya fakitale anayamba kuotha dzuwa pakhonde.

Cha m'ma 2008 utsi watsopano unafuka m'dera la mafakitalelo, pamene kampani ya Universal Mining and Chemical Industries, ya m'gulu la Trade Kings, imene anthu amangoitcha Kafue Steel, inayatsa ng'anjo yamagetsi yosungunulira zitsulo zakutha ndi kuzisandutsa zitsulo zomangira nyumba. Imeneyi ndi ntchito yolemekezeka, ndipo sindiichepetsa m'pang'ono pomwe, pakuti yadyetsa mabanja ambiri, kuyambira a m'fakitale mpaka a mnyamata wokankha wilibala m'makomboni. Koma nthale ya ng'anjo yotere siikumbidwa paphiri limodzi lodziwika. Imatoledwa kudzala, kumigodi yotsekedwa, m'mabwinja a mafakitale, kuseri kwa zipatala, ndipo imadutsa m'manja khumi isanafike pachipata.

Tsono m'migodi, m'mafakitale ndi m'zipatala za dziko lililonse muli zida zina zimene m'kati mwake mumakhala kambewu kakang'ono, nthawi zina kosaposa njere ya chimanga, kotulutsa cheza chimene ophunzira amachitcha radiyeshoni. Cesium-137 amaikidwa m'zida zoyezera kudzaza kwa matanki ndi kulemera kwa matope oyenda m'mapaipi; iridium-192 amaunikira pamene awotcherera zitsulo, ngati momwe ekisire iunikira fupa; cobalt-60 amatentha khansa m'thupi la wodwala, ndipo chipatala cha Cancer Diseases Hospital, chimene chinatsegulidwa ku Lusaka mu 2007, chapulumutsa anthu ochuluka ndi machiritso otere. Kambewuko kamatsekeredwa m'chigoba chochindikala cha mtovu ndi chitsulo, ndipo pokhala m'menemo, pansi pa diso la mwini wake, ndi kapolo wokhulupirika. Tsoka limadza pamene kampani yagwa, mlonda wachotsedwa ntchito, buku la katundu latayika, koma kambewuko kakali ndi moyo, pakuti mphamvu ya cesium imatsika ndi theka lokha pakapita zaka 30. Akuluakulu anati tsoka silinunkha, ndipo palibe pena pamene mawuwo ali oona kuposa pano: chezacho chilibe fungo, chilibe utsi, ndipo munthu sachimva pakhungu kufikira chitamaliza ntchito yake.

Mumzinda wa Goiânia ku Brazil, chipatala china cha khansa chinasamuka mu 1985 n'kusiya makina ake akale m'nyumba yabwinja. Pa 13 September 1987 amuna awiri osauka, ofunafuna zitsulo zogulitsa, ananyamula mutu wa makinawo pa wilibala, nakauphwanya kunyumba. Ndipo ngakhale anayamba kusanza tsiku lomwelo, anayesa kuti ndi chakudya chimene chawapweteka. Wogula zitsulo amene anawagula anaona usiku kuti kaufa ka m'katimo kakuwala mobiriwira ngati thambo, ndipo pokondwa anakalowetsa m'nyumba, naitana abale ndi anansi, nawagawira pang'onopang'ono monga munthu agawira anzake chinthu cha mtengo wapatali. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kamtsikana ka zaka 6, mwana wa mbale wake, kanaseweretsa ufawo pansi, n'kudya chakudya ndi manja omwewo. Amene anazindikira sanali dokotala kapena wapolisi, koma mkazi wa wogula zitsuloyo, amene poona kuti a m'nyumba mwake onse akudwala chilowere chinthucho, anachiika m'thumba pa 28 September, nakwera nacho basi kukachitula ku ofesi ya zaumoyo. Mayi ameneyo anamwalira, pamodzi ndi kamtsikanako ndi antchito awiri a pamalo ogulira zitsulowo. Anthu okwana 112,000 anapimidwa, 249 anapezeka ndi cesium pathupi kapena m'thupi, nyumba zinagumulidwa, ndipo maliro anaikidwa m'mabokosi a mtovu, khamu la anthu amantha likuponya miyala kuti mitemboyo isalowe m'manda awo. Sindikhoza kuikumbukira nkhani imeneyi popanda mtima kundiwawa, chifukwa anthuwo ankafanana nafe m'zonse, m'umphawi wawo ndi m'kuolowa manja kwawo komwe.

Kumeneko chinthucho sichinafike m'ng'anjo. Ku Ciudad Juárez, ku Mexico, chinafika. Mu December 1983 makina a cobalt-60 amene chipatala china chinagula n'kuwasiya osagwiritsa ntchito anagulitsidwa monga chitsulo chakutha, timibulu take pafupifupi 6,000 tinamwazika, tinasakanikirana ndi zitsulo zina, ndipo tinasungunulidwa m'zitsulo zomangira ndi m'miyendo ya matebulo. Sichikadadziwika msanga pakadapanda lole imodzi imene inasokera njira pa 16 January 1984 n'kudutsa pachipata cha malo a kafukufuku wa nyukiliya a Los Alamos ku America, pamene zida zopimira cheza zinalira. Ndipo pambuyo pake nyumba zoposa 800 zinayenera kugwetsedwa. Mu 1998 fakitale ya Acerinox ku Spain inasungunula cesium mosadziwa, utsi wake n'kukapimidwa ku France, ku Switzerland ndi ku Italy. Mu 2000 anthu atatu anafa ku Samut Prakan ku Thailand, ndipo mu 2010 mmodzi anafa ku Mayapuri ku Delhi, onsewo chifukwa cha cobalt wopezeka m'zitsulo zakutha.

Zambia siinagone pankhani imeneyi. Lamulo loyamba loyang'anira cheza chotere linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo la 2005 linabala bungwe la Radiation Protection Authority, limene limapereka zilolezo ndi kulemba m'kaundula zida zoterezi. Malawi nayo inapanga lamulo lake mu 2011. M'maiko ambiri osungunula zitsulo amaimika zida zopimira pachipata, kuti lole iliyonse idutse pakati pake isanatsitse katundu. Zonsezi n'zabwino, komatu chida cha pachipata chimateteza ng'anjo, ndipo lole ikamafika pamenepo, chinthucho chakhala kale chitagona m'nyumba ya wina, chitakhomedwa ndi nyundo ya wina, ana ataseweranso pambali pake.

Ndinaimapo tsiku lina pasikelo ya wogula zitsulo wina, ndikuona mnyamata wa zaka ngati 15 akutsitsa katundu wake: masipuling'i a galimoto, mbaula yobooka, chitseko cha firiji, ndi chinthu china chobulungira chodzaza dzimbiri chimene anachikweza ndi manja awiri, mitsempha ya m'khosi itatuluka. “Bambo, ichi n'cholemera, mundiganizireko,” anatero. Wogulayo anachigunda ndi maginito, nachikanda ndi mpeni kuti aone ngati ndi mtovu kapena mkuwa, nati, “Tichitsegule kaye, mwana wanga, tione za m'kati.” Chinali chigoba cha pampu yamadzi chabe. Koma ndinachoka pamenepo ndikulingalira kuti m'malonda amenewa kulemera ndiko ndalama, ndipo kutsegula ndiko nzeru ya wogula aliyense wosafuna kunyengedwa. Ndipo chigoba cha mtovu chosunga cesium n'cholemera koposa msinkhu wake, chokopa nyundo koposa zitsulo zonse za pamulu.

Chizindikiro chakale cha cheza, chija cha masamba atatu akuda pamalo achikasu, chimalankhula kwa ophunzira okha, ndipo otola zitsulo a ku Samut Prakan anachiona koma sanadziwe tanthauzo lake. N'chifukwa chake mu 2007 bungwe la maiko loona za nyukiliya la IAEA, pamodzi ndi la ISO loika miyezo, linatulutsa china chofiira cha ngodya zitatu, chokhala ndi chibade cha munthu wakufa ndi chithunzi cha munthu wothawa. Ndikadakonda kuona zizindikiro ziwirizi zitapachikidwa pamwamba pa sikelo iliyonse, ku Kafue, ku Chawama, ku Kanyama, ku Chipata ndi ku Lilongwe, pansi pake atalembapo m'Chinyanja chomveka kuti chinthu chotere asachikhudze, asachitsegule, atalikirane nacho ndi kuitana apolisi. Mnyamata uja analandira ndalama zake, naziwerenga kawiri, natembenuza wilibala yake kulinga kumabwinja a fakitale ina kumene anati kwatsala zitsulo zambiri.